Mutu 4: Mpiru Womangidwa Nsanza

1. Mlandu wake

Amene anazula mpiru wa malemu amuna anga si mbuzi, si mbala, komanso si mwana wa neba. Ndi mwana wanga wamkazi wobereka ndekha, amene timamutchula kuti Kamphepo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Maso ake amaona bwinobwino, ndipo kusukulu aphunzitsi amati ali ndi mutu.

Anazula mitengo isanu ndi umodzi, Lachisanu masana, ndi manja ake awiri. Anaiduladula ndi chikwanje, n'kuiponya m'dzenje la manyowa, n'kukwirira mosamala monga momwe bambo ake anamuphunzitsira kukwirira zinyalala.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalekezera kupulayimale, ndipo ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Choncho musayembekezere mawu okometsera kwa ine. Ndinena monga zinachitikira, kuti inu ana asukulu mumve. Ambiri a inu mumayesa kuti chinthu chikanyansa ndiye kuti chatha ntchito.

2. Matayala a a Makaniko

Timakhala pa mdadada wa nyumba khumi ndi ziwiri za lendi, zogundana makoma. Kuseri kwa nyumba iliyonse kuli kamalo kakang'ono kothera pa mpanda wa waya. Ife tikufika, kamaloko kanali ka phulusa, mabotolo osweka ndi makoswe.

Amuna anga ankakonza magalimoto, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a Makaniko. Tsiku lina anabwera kuchokera kugaraja akugubuduza matayala awiri akutha. Anawadzaza dothi ndi ndowe, n'kufesamo tinjere. Maneba anatuluka kudzaseka.

"A Makaniko, mwadzala matayala kuti mukolole galimoto?"

Iwo anangopukuta manja pa ovololo n'kunena kuti, "Sekani, abale anga. Koma tsiku lodzapempha ndiwo, mudzagogode pang'onopang'ono, mwana amakhala akugona."

Sipanathe miyezi iwiri, anthu anayambadi kugogoda. Chaka chitatha, nyumba zonse khumi ndi ziwiri zinali ndi mabedi a ndiwo kuseri. Tinapanga gulu. Mpopi unali umodzi, dzenje la manyowa limodzi, ndi wilibala imodzi yolira ngati mwana wanjala. Madzulo aliwonse kuseri kunkamveka fungo la dothi lonyowa. Azimayi tinkapatsirana mbande pamwamba pa waya, uku tikuuzana za amuna athu. Masiku amenewo munthu sunkaphika ndiwo wekha osatumizako kambale khomo linalo.

Koma mfumu ya ndiwo zonse pa mdadada unali mpiru wa a Makaniko. Njere zake anapatsidwa ndi mayi awo, m'kabokosi ka machesi, tsiku limene ankachoka pakhomo kukayamba ntchito. Masamba ake anali otambalala ngati mbale, ofewa, osawawa. Kukatentha, mpiru wa ena unkathamangira kuchita maluwa, koma uwu unkangopereka masamba.

Gulu lathu linali ndi lamulo limodzi limene ngakhale mwana wongoyamba kuyenda ankalidziwa: chomera chomangidwa nsanza sichikhudzidwa. Chimenecho ndi cha mbewu. Chaka chilichonse amuna anga ankasankha mitengo isanu ndi umodzi yamphamvu, n'kung'amba tinsanza pa ovololo yawo yakale yabuluu, n'kumanga. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale m'nyumba mutakhala mopanda ndiwo, palibe wothyolapo tsamba.

Mpiru wambewu umayamba bwino. Umatalika, umachita maluwa achikasu, njuchi n'kumabwera. Kenaka umanyansa. Masamba amafota, nsabwe zimaunjikana, mtengo umapendekeka ngati woledzera. Mphamvu zonse zimakhala zikupita m'timakoko momwe muli njere.

Ukauma, Lamulungu masana, bambo ake ankaudula n'kuuika m'thumba. Kamphepo, ali kamwana, ankavina pathumbapo mpaka timakoko tonse titasweka. Akakhuthulira m'beseni, awiriwo ankagwada n'kumauzira mankhusu. Mwanayu ankauzira ndi mphamvu zake zonse, masaya ali tuu.

"Pang'onopang'ono, kamphepo iwe! Utiulutsira ndiwo za chaka chamawa!"

Dzina lija linachokera pamenepo. Ine ndinkakhala pakhomo ndikusita, ndikuwaseka.

Amuna anga anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ovololo ija ndinaisunga, ndipo ndinapitiriza kung'amba tinsanza. Koma dzinja lathali denga linadontha pamwamba penipeni pa kabati, ndipo njere za m'botolo zinachita nkhungu. Zimene ndinapulumutsa sizikanadzaza ndi supuni yomwe. Ndinafesa zonse. Maneba nawo anali atasiya kale kusunga zawo, chifukwa ankadziwa kuti kwathu adzapeza. Ndiye kuti mbewu yonse ya a Makaniko pa mdadada wathu inali m'mitengo isanu ndi umodzi ija. Kamphepo ankazidziwa zimenezi. Denga likudontha, ndi iyeyo amene anatchera beseni.

3. Kukubwera alendo

Chaka chino gulu linasankha wapampando watsopano, mayi wa pa nyumba yachiwiri. Amagwira ntchito mu ofesi, ndipo amalima atavala magolovesi. Si munthu woipa ayi, koma amakonda zooneka.

Pa msonkhano anatiuza kuti Loweruka kubwera alangizi a zaulimi kudzayendera madimba a pakhomo. Wachinyamata amene dimba lake lidzapose ena adzalandira mphatso, ndipo chithunzi chake chidzaikidwa m'kabuku kawo.

"Ndikufuna ukhondo," anatero Mayi Wapampando. "Chouma, chachikasu, chopendekeka, chichoke. Tisachite manyazi pamaso pa anthu ophunzira."

"Nanga zomangidwa nsanza?" anafunsa mayi wina.

"Aliyense aone yekha pakhomo pake. Ine ndanena za ukhondo."

Ndisamunamizire mwana wanga. Chimwalirire bambo ake, dimba lathu wakhala akuligwira ndi iyeyo, poti ine ndimachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Amathirira asanapite kusukulu. Tomato wake anamuimika ndi timitengo, anyezi ali pa mzere ngati asilikali, kaloti wopatulira bwino. Pa mdadada ponse panalibe dimba lofanana nalo. Chilema chake chinali pangodya pokha, pomwe panaima mpiru uja.

Lachinayi tikudya, Kamphepo anayamba.

"Amayi, mpiru uja bwanji tingouchotsa?"

"Uti?"

"Wa nsanza uja. Ukuipitsa dimba lonse."

"Kwatsala masabata awiri kuti ukhwime. Usaukhudze."

"Koma alendo aja akadzaona..."

"Alendo adzaona n'kupita kwawo. Ndati usaukhudze. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anati wamva. Lembani zimenezo.

4. Zimene ananena a Pulambala

Lachisanu ine ndinali kutsidya kwa tauni, ndikusita malaya a anthu. Zimene zinachitika masanawo anandiuza ndi a Pulambala, ndipo Kamphepo mwini wakeyo sanakane ngakhale liwu limodzi.

A Pulambala ndi nkhalamba ya pa nyumba yomaliza. Ankakonza mapaipi asanapume, ndipo ndi amene amasunga kiyi wa mpopi wa gulu. Anali mnzawo wa amuna anga wa ponda apa m'pondepo. Tsikulo ankadutsa ndi wilibala, n'kuona Kamphepo ataima pangodya paja, yunifolomu asanavule, chikwanje chili m'manja.

"Mdzukulu wanga, chikwanje chimenecho chikupita kuti?"

"Ndikungokonza m'dimba, agogo."

A Pulambala anatula wilibala, n'kukhala pa tayala.

"Bwera kuno. Thyola kakoko kamodzi, kamodzi kokha, ine ndakuloleza. Tsegula. Finya ndi chikhadabo. Waona choyeracho? Umenewo ndi mkaka. Njere imeneyo idakali khanda. Ukaichotsa pa mayi wake lero, ngakhale uiyanike padzuwa mwezi wathunthu, siidzamera. Ikufuna masabata awiri kuti ide, iume, izilira m'kakoko ukagwedeza.

"Ukuti ukunyansa. Eya, ukunyansadi. Kodi manja a amayi ako unawayang'anitsitsa? Sopo anawadya, simbi inawaotcha. Ali choncho chifukwa zabwino zonse zinapita kwa iwe. Chilichonse chimene chikulera chinzake chimafwifwa, mwana wanga. Kusalala n'kwa zinthu zimene sizinabereke.

"Mbewu ya m'sitolo sindikuinyoza, inenso kabichi ndimagula. Koma iyi yakhala pa dothi lino zaka khumi ndi zinayi. Ikudziwa madzi a mpopi uno, ikudziwa kutentha kwa khoma ili. Bambo ako chaka ndi chaka ankasankha yabwino pa yabwino. Ntchito imeneyo siili pa shelefu ya sitolo iliyonse. Mlendo ndi mame, dzuwa likangotuluka wapita. Alangiziwo pofika Lolemba adzakhala ataiwala ndi nkhope yako yomwe. Koma m'nyumba mwanu mudzafunika ndiwo chaka chamawa, ndi chinacho.

"Ngati ndi manyazi, kwathu kuli lata lakale. Tiye tikatenge, titchinge pangodyapa. Alendo akafunsa, udzawauze kuti kuseriku kuli mbewu ya bambo anga. Munthu wodziwa ulimi adzakuvulira chipewa."

"Agogo, latalo ndiye liipitsiratu," anatero Kamphepo. Koma akuti chikwanje anali atachitsitsa.

Nthawi yomweyo mwana wa Mayi Wapampando, mnzake wa m'kalasi, anasuzumira pa waya ali ndi atsikana ena awiri.

"Kamphepo, sunachotsebe? Ii, pangodya panupo pakuoneka ngati kumanda kwa ndiwo!"

Atsikana aja anaseka. A Pulambala anawakalipira, iwo n'kuthawa akusekabe. Kenaka nkhalambayo inaitanidwa kukatsegula mpopi. Pochoka inati, "Ndikubwera ndi lata lija. Undidikire."

Sanadikire. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi, chimene anavomera yekha: asanazule, anayamba wamasula tinsanza tonse, n'kutipinda bwinobwino, n'kutiika m'thumba la siketi. Munthu wochita mwangozi sapinda nsanza. Ankadziwa chimene akuchita. A Pulambala pobwera ndi lata, anapeza pangodya pali mbee, atasalaza ndi kuthirira komwe.

5. M'dzenje la manyowa

Ndinafika dzuwa litapendeka, mtolo wa zochapa uli pamutu. Mwachizolowezi ndinazungulira kuseri. Ndinaima. Ndinayesa kuti ndalowa khomo la eni.

"Kamphepo!"

Anatuluka akupukuta mbale imene inali youma kale.

"Mpiru wa bambo ako uli kuti?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Pakamwa wasiya kusukulu?"

"Uli kudzenje, amayi."

Mtolo ndinauponya pomwepo. Ndinathamangira kudzenje la manyowa, ine mayi wamkulu, n'kugwada, n'kuyamba kufukula ndi manja. Maneba anatuluka. Palibe anaseka tsiku limenelo. Ndinapeza zidutswazidutswa zosakanikirana ndi ndowe ndi makoko a mazira. Ndinatola timakoko tonse timene ndinaona, n'kumafinya kamodzikamodzi. Mkaka. Mkaka. Mkaka wokhawokha.

A Pulambala anandigwira paphewa. "Dzukani, amake Kamphepo. Mulibe kanthu mmenemo."

Sindinamumenye. Ena amati ndikanamumenya, koma ndodo siikhwimitsa njere. Ndinangomuuza, anthu onse akumva, kuti, "Bambo ako sanakusiyire nyumba. Sanakusiyire munda. Anakusiyira dzina ndi mpiru. Chimodzi wataya wekha lero chifukwa cha chithunzi."

"Amayi, ndimafuna kuti anthu aone kuti dimba la ababa ndi labwino kuposa onse."

"Dimba la bambo ako ndi limene wakwirira m'dzenjeli. Icho chatsalacho ndi chako."

6. Mphatso

Loweruka alendo anabweradi, anthu atatu, ndi mabuku m'manja. Ine ndinakhala pakhomo ndi simbi yanga. Mayi Wapampando anandinong'oneza kuti ndimwetulireko. Ndinamuuza kuti mano anga ali pa tchuthi.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti Kamphepo analephera, kuti nkhaniyi ikome. Ayi. Anapambana. Alangizi anaima nthawi yaitali pa tomato wake, anagwira dothi, anagwedeza mitu. Anamupatsa kheni yatsopano yothirira ndi timapaketi ta mbewu. Anamujambula ataima pangodya pomwe paja, poti ndi pamene panali poyera.

Mlangizi wamkazi anamufunsa kuti, "Mwana iwe, ulimi wotere anakuphunzitsa ndani?"

"Bambo anga," anatero. Kenaka anaweramitsa mutu. Anthu anaomba m'manja, poyesa kuti ndi manyazi a chisangalalo.

Alendo atapita, Kamphepo analowa m'nyumba, n'kuika kapaketi kamodzi pa tebulo losita.

"Amayi, umu mulinso mpiru. Tikhoza kufesa mawa."

Ndinakayang'ana. Pa pepalapo panali chithunzi cha masamba obiriwira, okongola, opanda ndi bowo lomwe.

"Fesa," ndinatero. "Umera, ndipo tidya. Njala siisankha. Koma usadzanene pamaso panga kuti wabweza. Uwu sunagwiridwepo ndi agogo ako. Sunavinidwepo m'thumba. Ndi mpiru wa aliyense."

Anatuluka panja. Kheni ija mpaka lero ili kuseri kwa chitseko, sanathirirepo. Akuthirira ndi chidebe chakale chobowola ndi msomali.

7. Khomo limene ndinalumbira

Lamulungu m'mawa a Pulambala anagogoda, chipewa chili m'manja. Anakhala pa mpando, n'kuitanitsa Kamphepo kuti naye amve.

"Amake Kamphepo, ndinena, mukakwiya mukwiye. Mbewu ija mwina siinatheretu. Zaka zisanu zapitazo malemu anapatsako mng'ono wawo, ine ndikuona. Chaka chatha ndinadutsa kumene amakhala, ndipo kuseri kwa nyumba yake ndinaona maluwa achikasu. Sindikulonjeza kuti ndi womwewo. Koma masamba ake anali otambalala."



Mlamu wanga ameneyo ndikuuzeni. Patangotha masiku awiri tiikire maliro, anabwera ndi galimoto yobwereka. Anatenga bokosi la masipanala la amuna anga, anatenga njinga, anatenga ndi wailesi yomwe. Nditamuuza kuti asiyeko kanthu koti mwanayu adzakumbukire bambo ake, anaseka n'kunena kuti, "Mwana wamkazi masipanala achita nawo chiyani?" Tsiku limenelo ndinalumbira pamaso pa anthu kuti phazi langa, kapena la mwana wanga, silidzaponda pakhomo pake. Zaka ziwiri zatha, sindinamupemphe ngakhale mchere.

"A Pulambala, mukufuna ndikagwade kwa munthu amene uja?"

"Sindinati inuyo."

Kamphepo anaimirira. Chiyambire Lachisanu, aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Ndipita ndine, amayi. Ndinazula ndine."

"Ukudziwa mmene akakulandirire? Akakufunsa kuti amayi ako onyada aja atha mphamvu? Akakuimika panja ngati wogulitsa makala. Akauza mtundu wonse kuti mkazi wa achimwene walephera kusunga ngakhale njere za mpiru."

"Ndikawauza kuti si inu. Ndikanena zonse mmene ndinachitira."

"Nanga akakana?"

"Ndikabwerako chimanjamanja. Koma ndikhala nditapita."

"Ine ndimuperekeza mpaka pageti," anatero a Pulambala. "Kulowa alowa yekha. Ndipo ngati n'kupita, ndi lero. Nyengo yake ndi ino. Akadula n'kupuntha, mwina agawa, mwina ataya, ife osadziwa."

Kamphepo analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala nsapato za kusukulu. Sanatsegule chitseko. Anaima pambali pake, manja kumbuyo, kudikira mawu anga. Lachisanu sanadikire munthu, lero akudikira.

Tsopano inu amene mukuwerenga, mwamva zonse, ndipo sindinabise kanthu. Ndikamuletsa, lumbiro langa likhala, koma mbewu ya amuna anga ithera m'manja mwa munthu amene anatilanda. Ndikamulola, mwana wanga wamasiye akaima pakhomo pa munthu ameneyo atatambasula dzanja, ndipo mwina akabwerako ndi chipongwe chokha. Musandiuze kuti zili kwa ine, zimenezo ndikuzidziwa kale. Musandiuzenso kuti ndi ndiwo chabe. Inu ndinu ophunzira, mumayankha mafunso tsiku ndi tsiku. Mwanayu waima pachitseko, a Pulambala avala chipewa. Ndimulole kapena ndimuletse? Ndiyankheni!